Oberhof ndi Mtengo wa Mamendulo

Mlendo akafika ku Oberhof, tauni yaing'ono ya m'mapiri a Thuringia ku Germany, amadabwa ndi chinyumba chomwe anatsegula mu 2009. M'katimo mumazizira madigiri 4 kunsi kwa ziro, ndiye akatswiri otsetsereka pa chipale chofewa amakonzekereramo mipikisano ngakhale m'chilimwe.

Koma aphunzitsi anzanga, mbiri ya malowa ili ndi mbali yowawa. Mpaka 1990 Oberhof inali ku East Germany, dziko lomwe linkafuna kuonetsa ndi mamendulo kuti chikomyunizimu chimaposa mayiko akumadzulo. Ana aluso ankawasankha adakali aang'ono n'kuwaika m'sukulu zogonera zamasewera, ndipo ina inali ku Oberhof komweko.

Mu 1974 boma linakhazikitsa ndondomeko yachinsinsi yomwetsa osewera a m'dzikomo mankhwala owonjezera mphamvu, makamaka Oral-Turinabol wopangidwa ku Jena. Ambiri, ena asanakwanitse zaka 18, ankauzidwa kuti ndi mavitamini. Ena anawonongeka chiwindi, atsikana ena mawu anasanduka achimuna. Chimandipweteka n'chakuti makolo ankakhulupirira owaphunzitsawo monga mmene amatikhulupirira ife.

Mu 2000 khoti la ku Berlin linapeza Manfred Ewald, yemwe anali mkulu wa zamasewera m'dzikolo, wolakwa. Chilango chake chinali choimikidwa, moti kundende sanapite.