Femtosecond

Ndi muyeso wa nthawi: gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi. Maziro ake alipo 15, ndipo "femto" adachokera ku mawu a ku Denmark akuti femten, kutanthauza 15. Ahmed Zewail wa ku Egypt, yemwe ndimalakalaka ana athu atamudziwa, adalandira mphoto ya Nobel mu 1999 atagwiritsa ntchito kung'anima kwa laser kwakufupi chonchi poona mmene mamolekyu amaswekera.

Wotchi singakugwire kung'animaku, choncho asayansi amayeza kuwala ndi kuwala kunzake. Taponyani miyala iwiri padziwe la mtsinje wa Chongwe: mafunde akakumana, pena amakwezana, pena amafafanizana. Chimodzimodzinso, kuwala kosadziwika akakukumanitsa ndi kodziwika n'kukumwaza m'mitundu yake, pamatuluka timizere toulula mtundu umene watsogola ndi umene watsalira. Njirayi ndiyo spectral interferometry.