Mawu a pa zenera la mankhwala

Mayi wa ku Area 24 akapita ndi mwana kuchipatala cha Kawale kapena cha Bwaila, mankhwala ena amawalandira asanathe kukonzedwa. Amoxicillin wa ana amakhala ufa m'botolo, ndipo wina ayenera kuthiramo madzi, kaya wa ku famase, kaya mayiyo akafika kunyumba. Zikatero, ubwino wa mankhwalawo umadalira zimene wauzidwa pa zenera, ndipo mawu a pamenepo tikuwalankhula mosasamala.

"Mukasakanize ndi madzi abwino." Abwino ndi ati? Kwa ambiri ndi alionse ooneka oyera m'ndowa. Nenani kuti owiritsa, atazizira, kulekeza pa mzere wa pabotolo. Komanso kusakaniza si kusungunula. Thanzi, wa otsegula m'mimba uja, timasungunula mu lita imodzi ya madzi, ndipo wotsala pakatha maola 24 ngotaya. Ufa wa amoxicillin susungunuka wonse, umadikha pansi. Mneni wake ndi kukhutchumula, nthawi iliyonse musanamwetse. Wosauzidwa zimenezi amwetsa mwana madzi okhaokha lero, nsenga za mankhwala mkuja.

Supuni ndiye imandidetsa nkhawa koposa. Adokotala akati supuni, m'mutu mwawo muli 5 ml. Yaikulu imalowa 15 ml, kuwirikiza katatu, ndipo m'nyumba zambiri yomwe ili pafupi ndi yodyera phala. Wa ku famase atchule mlingo, aloze ndi chala pa kachikho koyezera kapena pa sirinji. Kulemba "1x3" pa kapepala sikukwanira. Ngakhale "katatu pa tsiku" amasokoneza, poti kwathu tsiku limatha dzuwa likalowa, ndiye wina amaliza katatu konse nsima yamadzulo isanapse. Ngati cholinga n'chakuti pazidutsa maola 8, zinenedwe choncho: m'mamawa, masana, ndi usiku pogona.

Tisiyanitsenso "mankhwala atha" ndi "mankhwala atha mphamvu". Tsiku losindikizidwa pabotolo ndi la ufa wouma. Madzi akangolowamo, mabotolo ambiri amanena masiku 7 basi.

Bungwe la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limayang'anira ubwino wa mankhwala m'dziko muno. Ndikulipempha likhale pansi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, agwirizane mawu a Chichewa olembedwa pa botolo lililonse lokonzedwa kuchipatala. Podikira zimenezo, inu mayi, musachoke pa zenera musanabwereze malangizowo m'mawu anuanu, wa ku famase n'kuvomera kuti mwamva bwino.