Nyirenda, Moffat

Dokotala wa ku Malawi, katswiri wa matenda a shuga ndi mahomoni, pulofesa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Kafukufuku wake wa 1998 ku Edinburgh adasonyeza kuti makoswe apakati akapatsidwa mankhwala a dexamethasone mimba itatsala pang'ono kukhwima, ana awo amakula ndi chiwindi chochulutsa enzayimu ya PEPCK, imene imathandiza kupanga shuga m'thupi. Izi zidalimbitsa ganizo loti matenda a shuga angayambire m'mimba mwa mayi. Adatsogolera bungwe la kafukufuku la MEIRU, limene lidayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi Lilongwe. Zotsatira za 2018 zidaonetsa kuti matenda a shuga ngofala, makamaka m'tauni, ndipo amagwira ngakhale anthu osanenepa.