Kanyumba ka ku Mangochi ndi Funso la ku Magomero

Mwina nanunso mwaziona zithunzi zomwe zimayenda pa WhatsApp: kanyumba ka zipinda ziwiri ku Mangochi, mchenga mpaka pakhonde, mmunsi atalemba kuti "ikugulitsidwa, mapepala alipo". Ife a kuno ku Njuli tikaona zotere mtima umalakalaka, poti kwathu kuno ndi fumbi la kwale basi, ndipo munda ungathe kuulumpha. Koma musanaimbe foni ija, tiyeni tikwere minibasi ya msewu wa Zomba, tione zomwe mawu oti "mapepala" anachitapo kale.

Tisanapite patali, titsike pa Namadzi. Chakum'mawa kwake kuli Magomero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, woyang'anira dziko lino m'malo mwa Britain, anayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti azungu anaguladi malo kwa mafumu. Mtengo wake nthawi zambiri unali nsalu, mikanda kapena mfuti. Mfumu inkaganiza kuti yapatsa mlendo pokhala, pomwe mlendoyo ankati wagula mpaka muyaya. Zikalatazo zinkati midzi yomwe inalipo kale isasokonezedwe, koma lonjezolo silinateteze Alomwe omwe anafika pambuyo pake kuchokera ku Mozambique. Pa esiteti ya banja la Bruce ku Magomero, iwo ankalipira pokhala ndi thukuta lawo. Ndiye thangata ameneyo. Pa 23 January 1915, anthu a John Chilembwe ochokera ku Mbombwe anapha William Jervis Livingstone, bwana wa esitetiyo. Thangata anadzatha mwalamulo mu 1962. Taganizani, zaka pafupifupi 70 anthu akuvutika ndi pepala lomwe sanaliwerengepo n'komwe.

Tikwerenso. Tidutse Zomba, Liwonde, mpaka Mangochi. Tauni imeneyi inayamba mu 1891 ngati linga la boma pafupi ndi mudzi wa Mponda, ndipo inkatchedwa Fort Johnston. Inde, Johnston yemwe uja. Kalelo gombe linali la mudzi wonse: pokokera makoka, poyanika usipa, pochapa, potunga madzi, pokocheza mabwato. Palibe ankalitcha lake. Mahotela ndi nyumba zopumulirako tchuthi zitayamba kuchuluka kulowera ku Monkey Bay, mipanda inatsika mpaka kumadzi, ndipo m'malo ena msodzi amazungulira mtunda wautali kuti apeze doko.

Ndipo njala ya malo ya kuno kumtunda inafikanso komweko. Kuyambira 2004, pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, n'kuwapezera minda m'maboma ngati Mangochi ndi Machinga. Zidzukulu za anthu a thangata zinakagula malo pomwe panali maesiteti ena.

Boma layesapo kukonza. Malamulo a malo a 2016 anatsegula mwayi woti banja lilembetse malo a makolo, akhale ndi chikalata. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inawonjezera kuti malo asamagulitsidwe kwa munthu yemwe si nzika ya Malawi. Zabwino ndithu. Koma abale, masiku ano wobwera ndi ndalama pagombe sikuti nthawi zonse ndi mzungu ayi. Ndi ineyo, ndi inuyo, ndi achimwene omwe ali ku Joni.

Sindikuti musagule. Gulani, nyanja ndi yathu tonse. Kungoti mukafika, musathere pa mapepala. Funsani kuti malowo anachoka bwanji m'manja mwa mudzi. Kodi anagulitsa ndi mwini mbumba yekha, alongo ake osadziwa? Kodi a mfumu ndi komiti ya malo akudziwa? Nanga kanjira kopita kumadzi kamene kadutsa kuseri kwa kanyumbako, amayi a m'mudzimo adzapitiriza kudutsamo mukamanga mpanda?

Agogo athu kuno ku Chiradzulu sanafunsidwe mafunso amenewa pomwe malo awo ankalembedwa dzina la wina. Ife tili ndi mwayi wowafunsa tisanasayine.

Nanga inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, doko lomwe munkasambira muli ana likadali lotsegula? Tiuzeni. Tionana sabata yamawa.