Kilwa: kodi n'koyenera kupatukirako masiku awiri?

 

Ramadan ikamapita kumapeto, m'makomo ambiri nkhani za pa futari zimayamba kukhudza za pambuyo pa Eid. Ena akuwerengetsa ndalama zokapikulira katundu ku Kariakoo, ena galimoto lawo lafika kale padoko la Dar es Salaam ndipo akungodikira mwezi uoneke kuti anyamuke. Kwa otere ndi mabanja awo tili ndi funso. Mukafika ku Dar, ntchito n'kutha, masiku awiri kapena atatu n'kutsala, kodi n'koyenera kutsikira kumwera kukaona Kilwa? Ambiri a ife tikamva za kokapumulira ku Tanzania timangoganiza za Zanzibar. Dzina la Kilwa tinalisiya m'kope la histole ku sekondale, pamodzi ndi Sofala ndi Mombasa, ngati yankho la pa mayeso.

Yankho lathu ndi lakuti inde, n'koyenera, koma osati kwa aliyense, ndipo osati mukakaona mbali imodzi yokha.

Poyamba tidziwe kuti ma Kilwa alipo atatu, onse m'chigawo cha Lindi, pafupifupi makilomita 300 kumwera kwa Dar es Salaam. Kilwa Masoko ndi tawuni yatsopano ya kumtunda, kumene kuli boma, msika ndi malo ogona. Kilwa Kisiwani ndi chilumba chimene mumachiona mukaima padoko la Masoko, ndipo ndi kumene kunali mzinda wakale wa mafumu. Kilwa Kivinje ili chakumpoto kwa Masoko, mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Alendo ambiri amawolokera pachilumba, n'kujambula zithunzi, n'kubwerera. Kwa Mmalawi, Kivinje ndiyo yosayenera kuilambalala, ndipo chifukwa chake tichifika.

Mbiri yakale ya mzindawu, imene inalembedwa m'Chiarabu, imati ufumu wa Kilwa unayambitsidwa ndi Ali ibn al-Hasan wochokera ku Shiraz, amene anagula chilumbacho kwa mfumu ya kumeneko polipira nsalu. Imeneyo ndi nkhani ya makolo. Chimene akatswiri ofukula pansi, monga Neville Chittick amene anagwira ntchito pachilumbachi kuyambira mu 1958 mpaka 1965, anapeza n'chakuti anthu akuda a m'mbali mwa nyanja ankakhalapo kale ufumuwo usanayambe. Anali asodzi, osula zitsulo ndi amalonda. Kilwa sunali mzinda wa Aarabu wongoikidwa m'dziko la eni. Unali mzinda wa Aswahili, Aafirika olankhula chinenero chachibale ndi Chichewa ndi Chiyao, amene analandira Chisilamu ndi kukwatirana ndi alendo obwera pa zombo.

Chimene chinaulemeretsa ndi golide ndi mphepo. Golide ankachokera kumapiri a dziko limene lero ndi Zimbabwe, n'kutsikira kudoko la Sofala. Zombo za ku Arabia ndi ku India zinkayendera mphepo ya nyengo, imene imaomba cholowera kumwera kuyambira cha mu Novembala, kenako n'kutembenuka cha mu Epulo. Kilwa ndiye anali malo akutali kwambiri kumwera kumene chombo chikanafika ndi kubwerera kwawo m'nyengo imodzi. Wopitirira mpaka ku Sofala akanataya chaka chathunthu akudikira mphepo. Choncho a ku Kilwa ankakatenga okha golideyo ku Sofala, alendo n'kumamugulira pachilumba, mfumu n'kumadula msonkho. Mafumuwo ankasula makobidi awoawo amkuwa, ndipo limodzi mwa makobidiwo linapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe.

Dzina lolembedwa pa kobidi limenelo ndi la Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, wa fuko la Mahdali, ndipo zambiri zimene mlendo amaona lero pachilumbachi n'za nthawi yake. Ndiye anakulitsa mzikiti waukulu, umene mbali yake yakale inamangidwa zaka pafupifupi 200 iye asanabadwe. Anaumanga ndi miyala ya m'nyanja, imene Aswahili amati matumbawe, yofewa ikangovuulidwa m'madzi ndipo imauma gwa ikaona dzuwa. Denga lake ndi mizere ya timadenga tozungulira ngati miphika yovundikira, tokhala pa nsanamira, popanda chitsulo kapena simenti. Kwa zaka zambiri kunalibe mzikiti woposa umenewu m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Mihrab ilipobe, malo opangira wudhu akuonekabe. Mwana wa ku madrasa atalowamo sangafunse kuti kibla ili kuti. Ndiyenso anamanga Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya zipinda zoposa 100 pamwamba pa gomo loyang'ana nyanja, yokhala ndi dziwe losambiramo la ngodya 8 ndi bwalo lalikulu losungiramo katundu wamalonda.

Mfumu yomweyi ndi imene Ibn Battuta wa ku Morocco anaipeza atafika cha mu 1331. Iye anali ataona kale Cairo, Damascus ndi Makka, komabe anauwerengera mzindawu m'gulu la mizinda yokongola kwambiri. Analemba kuti anthu ake anali akuda ndi otsatira madh-hab a Imam Shafi'i, monga momwe ambiri a ife tilili. Mfumuyo ankaitchula kuti Abu al-Mawahib, kutanthauza tate wa mphatso. Nkhani imene imakondedwa kwambiri ndi ya tsiku lina la Jumu'ah, pamene mmphawi wina wa ku Yemen anaimitsa mfumu ikutuluka mu mzikiti n'kupempha zovala zimene inavala. Mfumu inabwerera, n'kukasintha m'chipinda cha khatib, n'kumupatsa zovalazo anthu akuona.

M'maulaliki nkhaniyi imathera pamenepo, chifukwa ndi yokoma pophunzitsa sadaka. Koma Ibn Battuta anapitiriza. Mwana wa mfumu anawombola zovalazo popatsa mmphawiyo akapolo 10, ndipo mfumu itamva mmene anthu anayamikirira inawonjezera akapolo ena 10 ndi mitolo iwiri ya minyanga ya njovu. Analembanso kuti mfumuyi inkachita nkhondo kawirikawiri ndi anthu a kumtunda amene sanali Asilamu, n'kubwerako ndi zofunkha. Ophunzira athu aziwerenga nkhaniyi mpaka kumapeto. Anthu 20 amene anaperekedwa ngati mphatso tsiku limenelo nawonso anali ana a eni.

Kugwa kwa Kilwa wa golide tingakufotokoze mwachidule. Vasco da Gama anafika mu 1502 ndi mizinga, n'kukakamiza mfumu kupereka msonkho wa golide kwa mfumu ya Portugal. Golide ameneyo anakasulidwa kukhala chiwiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chikusungidwa ku Lisbon mpaka lero. Mu 1505 Francisco de Almeida analanda mzindawo n'kumanga linga, koma Apwitikizi anachoka mu 1512 ataona kuti malonda amene anabwerera awapha okha. Linga lotchedwa Gereza, limene limakulandirani mukamatsika m'boti, linamangidwanso pambuyo pake ndi Aarabu a ku Oman cha m'ma 1800.

Tsono dziko lathu likulowa pati? Golide atachepa, Kilwa inayang'ana kumadzulo, kunyanja ya Malawi, kumene kunali minyanga. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchokera ku Tete, kudutsa m'dziko la Amaravi, kuwoloka Shire, mpaka kukafika ku Kilwa patatha masiku oposa 50. Sanatsegule njira yatsopano. Anatsata njira imene anthu ankayendamo kale. Ayao ndiwo anadzakhala eni ake a njira imeneyi: ankanyamula minyanga, fodya ndi makasu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mchere, kenako mfuti ndi onga. Poyamba akapolo anali ochepa m'maulendowa. Zinthu zinasintha Afalansa atatsegula minda ya nzimbe pa zilumba zimene lero ndi Mauritius ndi Réunion. Mu 1776 Jean-Vincent Morice anasainirana pangano ndi Sultan wa Kilwa loti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Nyumba yachifumu ya Makutani, ya makoma aatali, imene alendo amaisirira pachilumbachi, ndi ya m'nyengo imeneyo.

M'zaka za m'ma 1800 malonda anasamukira kumtunda, ku Kivinje, ndipo chilumba chinatsala mudzi wa asodzi. Minda ya karafuu ku Zanzibar ndi ku Pemba inkafuna antchito ambiri, ndipo Kivinje inakhala doko lalikulu koposa lotumizira akapolo m'gombe lonselo. Olemba mbiri amati m'zaka za m'ma 1860 anthu pafupifupi 20,000 ankakwezedwa zombo kumeneko chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo ankachokera kuno: Amang'anja, Achewa, Anyanja, ngakhale Ayao anzawo. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja pa ngalawa zake, ndipo mafumu monga Mataka, Makanjira ndi Mponda ankatumiza maulendo awo kugombe. Awa ndi amene anafika. Amene anagwa ndi goli m'khosi m'tchire la pakati pa Ruvuma ndi nyanja yamchere palibe anawawerenga. Sultan Barghash wa ku Zanzibar analetsa kutumiza akapolo panyanja mu 1873, koma malondawo anapitirira mozemba kwa zaka zina.

Nkhaniyi sitiikonda, ndipo tikudziwa chifukwa chake. Ana athu amanyozedwa nayo kusukulu, ngati kuti Msilamu aliyense wa ku Mangochi anabadwa ndi goli m'manja, ndipo ngati kuti Afalansa ndi Apwitikizi ankagula nkhuku. Koma kuibisa sikuteteza mwana. Amakaimva kwa ena, yopotozedwa, iye alibe choyankha. Mtumiki Muhammad (SAW), m'hadith imene ili mu Sahih al-Bukhari, anatchula munthu wogulitsa mfulu n'kudya ndalama yake m'gulu la anthu atatu amene Allah adzakhale wotsutsana nawo pa tsiku la Qiyama. Amene ankaotcha midzi kuti apeze anthu ogulitsa analibe pobisala m'chipembedzo, ngakhale ankavala mkanjo.

Ndipo njira yomweyo ndi imene inatibweretsera Qur'an. Amalonda a kugombe ankayenda ndi alembi, mafumu a Chiyao n'kuyamba kufuna anthu odziwa kulemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena n'kutsatira. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, mwana wa wogulitsa minyanga, anakaphunzira Qur'an ku Kilwa, n'kubwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880 kudzaphunzitsa kwa Makanjira. Mmodzi mwa ophunzira ake anali Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene naye anaphunzitsa ambiri. Tikatsata aphunzitsi a aphunzitsi athu, m'madrasa ambiri a kum'mwera kwa nyanja chingwecho chimakathera kumeneko. Ngakhale mawu amene timawatchula m'mwezi wa Ramadan, futari, daku, mwalimu, anadzera kugombe.

Kivinje lero ndi tawuni ya asodzi. Nyumba zosanja za amalonda akale zikugumuka, mitengo ikumera m'makoma, boma la Ajeremani laima moyang'ana doko limene madzi akaphwa limasanduka matope. Kuli malo otchedwa Mwembe Kinyonga, pamene panali mtengo wa mango umene Ajeremani ankapachikirapo anthu. Mmodzi mwa iwo anali Hassan bin Omari Makunganya, Myao amene analimbana nawo, ndipo anaphedwa mu 1895. Nayenso anali wamalonda a minyanga ndi akapolo. Ku Kivinje n'kovuta kupeza munthu wa mbiri yoyera mbali zonse.

Tsono za ulendo weniweniwo. Kunyamuka ku Blantyre kapena ku Lilongwe chifukwa cha Kilwa yokha, kudzera pa Songwe, Mbeya mpaka Dar, ndi masiku angapo apamsewu kupita ndi kubwera. Umenewo si ulendo wachidule, ndipo banja limene lili ndi ngongole ya fizi lisaukakamize. Koma amene muli kale ku Dar, basi ya m'mawa imadutsa pa Kibiti, kuwoloka Rufiji pa mlatho wa Mkapa, kukhota pa Nangurukuru, n'kukutsitsani ku Masoko masana omwewo. Chilolezo cholowera m'mabwinja, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 1981, chimatengedwa ku Masoko konko musanawoloke, ndipo boti silitha theka la ola. Tsiku loyamba lipatseni chilumba, kuyambira m'mamawa dzuwa lisanakule, chifukwa ndi ulendo wapansi ndipo kumatentha. Tsiku lachiwiri pitani ku Kivinje. Amene ali ndi tsiku lachitatu ndi ndalama ya boti akhoza kufika ku Songo Mnara, chilumba china chakumwera chokhala ndi mabwinja a nyumba ndi mizikiti ingapo.

Wofuna mashopu akuluakulu ndi zisangalalo za usiku akakhumudwa, Masoko imagona msanga. Za chakudya cha halal ndi kopemphera musadandaule, anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo adhan muziimva muli m'chipinda. Pachilumba pali mudzi wa anthu, si malo ongoonera, choncho valani monga muvalira popita ku mzikiti ndipo pemphani musanajambule munthu. Ana amene afika msinkhu wa sekondale atengeni, ang'onoang'ono atopa ndi dzuwa. Ngati Eid yagwa pakati pa Malichi ndi Meyi, imeneyo ndi nyengo ya mvula yaikulu kugombe, ndipo ndi bwino kudikira mpaka Juni.