Nyumba ya a Tambo ku Chelstone ndi mtengo wa kusamuka

Masiku ano anthu ambiri a ku America akulongedza katundu kupita ku Portugal. Amati kumeneko lendi ndi yotsika, chipatala sichidula ngati kwawo, ndipo chitupa chotchedwa D7 chimalola munthu wolandira penshoni kapena ndalama zina zokhazikika kukakhala m'dzikomo. Tikamva zimenezi timaona ngati ndi nkhani ya azungu okhaokha. Koma mukakwera basi ya ku Chelstone pa Great East Road, mumadutsa pafupi ndi nyumba ya munthu amene anadziwa bwino mtengo wa kusamuka: a Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC.

A Tambo anachoka ku South Africa kumapeto kwa March 1960, patangopita masiku ochepa apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville. Mwezi wotsatira ANC inaletsedwa. Iwo sanapite kukafuna moyo wotchipa, anatumidwa kukayimira chipani kunja. Komabe anakumana ndi mafunso omwewo amene wosamuka aliyense amakumana nawo.

Loyamba linali la mapepala. Anadutsa malire kulowa ku Bechuanaland, komwe lero ndi Botswana, opanda pasipoti, ndipo anapitiriza ulendo chifukwa boma la India linawapatsa zikalata zoyendera. Lachiwiri linali la banja. Akazi awo, mayi Adelaide Tambo, anakhala ndi ana ku Muswell Hill mumzinda wa London, akugwira ntchito ya unamwino kuti ana adye ndi kuphunzira, pamene bambo anali kuzungulira pakati pa Tanzania, Zambia ndi mayiko ena. Ana anakula akuona bambo awo mwa apo ndi apo.

Lachitatu linali la pokhala ndi chakudya. Likulu la ANC litakhazikika ku Lusaka, boma la a Kenneth Kaunda linapatsa a Tambo nyumba ya ku Chelstone. Anzawo anamwazikana m'madera osiyanasiyana a mzinda, ambiri akuchita lendi pakati pa Azambia. Ndalama zinkachokera kwa abwenzi monga Sweden ndi Soviet Union, ndipo chipani chinali ndi famu ku Chongela yothandiza kudyetsa anthu ake. Wailesi yawo, Radio Freedom, inkaulutsa mawu kudzera pa Radio Zambia.

Funso limene osamuka ambiri amaiwala ndi lakuti: kodi wolandira alendo akulipira chiyani? Makolo athu analipira zambiri. Mu January 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo katundu anayamba kuyenda njira zazitali ndi zodula. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa. Funsani ambuye anu za mizere ya unga, sopo ndi saladi, adzakuuzani kuti ankadzuka kusanache. Nkhondo nayonso inatsatira alendo. Pa 18 March 1975 bomba linapha a Herbert Chitepo a ZANU ku Chilenje South. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa ZAPU ku Chikumbi, ndipo mu May 1986 ndege za South Africa zinaponya mabomba ku Makeni. Ngakhale zinali choncho, Zambia sinathamangitse ANC.

Ku Portugal lero kulibe mabomba, koma eni nthaka akulipira mwa njira ina. Alendo obwera ndi madola atachuluka, lendi ku Lisbon inakwera mpaka achinyamata akomweko anayamba kulephera kupeza nyumba mumzinda wawo. Mu 2023 boma linatseka njira yopezera chilolezo chokhala m'dzikomo pongogula nyumba. Dziko limakhala lotchipa kwa amene amalandira ndalama kwina. Ife tikudziwa zimenezi, chifukwa ku Kabulonga ndi ku Woodlands kuli eni nyumba amene amatchula lendi m'madola.

A Tambo anadwala sitiroko mu August 1989. Anabwerera kwawo mu December 1990, patapita zaka 30, ndipo anamwalira mu April 1993, chaka chimodzi chisankho cha 1994 chisanachitike. Mu October 2017 a Edgar Lungu ndi a Jacob Zuma anatsegula nyumba ya ku Chelstone ngati malo a mbiri ya dziko.

Ambiri a ife tili ndi mnzathu amene akukonza zopita ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku UK. Asanagule tikiti, muperekezeni ku nyumba imeneyi ndipo mumufunse mafunso anayi aja. Mapepala ako ndi a nthawi yaitali bwanji, ndipo akatha udzatani? Ana ukuwasiya ndi ndani? Lendi ya miyezi yoyamba idzachokera kuti? Nanga amene akukulandirawo, ukawabwezera chiyani?