Khoswe ndi Mayi Woyembekezera: Mbiri ya Progesterone

Dzira likatuluka m'basiketi ya mazira, pamalo pomwe latulukapo pamapangika kachotupa kachikasu kotchedwa corpus luteum. Mu 1903, Ludwig Fraenkel wa ku Breslau anawotcha kachotupaka mwa akalulu ongotenga bere, ndipo bere lija linachoka. Chimene kachotupaka kamatulutsa sichinadziwike mpaka 1929, pamene George Corner ndi Willard Allen a ku Rochester anabaya akalulu ochotsedwa mabasiketi ndi madzi ofinyidwa kuchokera m'mabasiketi a nkhumba, bere n'kukhazikika. Mu 1934 homoniyo inapatulidwa payokha, ndipo kenaka inatchedwa progesterone.

Makoswe ndi amene anaonetsa chimene chimalamulira kachotupaka. Bere la khoswe limatha masiku pafupifupi 22, choncho kafukufuku sachedwa. Mu 1933, Pencharz ndi Long a ku California anachotsa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, mwa makoswe abere. Akachotsa masiku oyambirira, bere linkachoka. Akachotsa litafika pakati, linkapitirira. Zinali zoonekeratu kuti chinthu china chalowa m'malo mwa pituitary. Astwood ndi Greep anachipeza mu 1938: nsengwa ya khoswe imatulutsa homoni yake yomwe imauza corpus luteum kuti isaleke kupanga progesterone. Nsengwayo imangolamula, koma progesterone wokwanira imamusiyira basiketi ya mazira. N'chifukwa chake khoswe akachotsedwa mabasiketi, ngakhale bere litakula, ana ake kawirikawiri amafera m'mimba.

Apa ndi pamene khoswe amasiyana ndi munthu, ndipo kusiyanaku kunatenga nthawi kuti kutsimikizike. Arpad Csapo wa ku St Louis anaonetsa mu 1972 kuti corpus luteum ikachotsedwa mimba isanapitirire masabata 7, mayi amapita padera, koma ikachotsedwa patadutsa masabata 8 mimba imakhala. Mwa munthu nsengwa imayamba yokha kupanga progesterone. Mu 1973 anaonetsanso kuti kupereka progesterone kumateteza mimba yoyambirirayo. Phunziroli likugwirabe ntchito lero: mayi amene wachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa cha m'basiketi mimba ili yaing'ono chotere angafunike progesterone kwa masabata angapo.

Chimene sitiyenera kutengera kwa khoswe ndi maganizo akuti progesterone ndi mankhwala a kupita padera kulikonse. Mimba zambiri zoyambirira zimachoka chifukwa mwana sanapangike bwino, ndipo homoni siingakonze zimenezo. Kafukufuku wa PRISM wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2019, anatsatira amayi oposa 4,000 otaya magazi mimba ili yaing'ono. Phindu looneka linali mwa amene anapitapo padera kale, makamaka katatu kapena kuposa. Choncho mayi wotaya magazi, kaya mwamupeza kumudzi kaya kusikelo, mutumizeni kuchipatala msanga kuti akaunikidwe, poti mwina mimba yakhala mu chubu, ndipo musaiwale kumufunsa ngati anapitapo padera.